Chitini cha a Sajeni ku Hor Al Anz

Ndinachoka ku Ntcheu nditauzidwa kuti ku Dubai ndikukalera mwana. Nditafika ku Hor Al Anz, pa kafulati ka pamwamba pa shopu yochapira zovala, ndinapeza mwanayo ali ndi imvi mutu wonse, atavala nsapato zopolisha m'nyumba momwemo. Anali bambo awo a madamu amene anandilemba ntchito. Madamuwo kwawo kunali ku Zambia, ankagwira ntchito yosamalira apaulendo m'ndege, ndipo pa mlungu ankagona panyumba masiku awiri kapena atatu basi. Mayi awo atamwalira anakawatenga bambowo ku Chipata, chifukwa mutu wa mkuluyo unali utayamba kutaya zinthu. Ankaiwala kuti adya kale, ankaiwala dzina langa tsiku ndi tsiku, koma panali chinthu chimodzi chimene sichinawachoke.

Nditagwada n'kupereka moni kuti, "Muli bwanji agogo?" anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi anga.

"Agogo ali kumunda," anatero. "Pano pali Sajeni. Imilila."

Ndinaimirira. Kuyambira tsiku limenelo iwo anali a Sajeni, ndipo ine, mayi wa ana awiri, woimba kwaya ya amayi kumpingo kwathu, ndinkaitanidwa kuti msilikali.

Amene anakhalapo ku Hor Al Anz amadziwa kuti kumeneko ndege ndi anansi. Zimadutsa pamwamba pa madenga zitatulutsa kale mataya, imodzi pambuyo pa inzake, ndipo ukamayanika zovala pakhonde umatha kuona mazenera ake. Masiku oyamba ndinkabisa khosi nthawi iliyonse ikadutsa. A Sajeni sankayang'ana n'komwe kumwamba. Ankangopendeketsa khutu n'kunena kuti iyi yalemedwa, iyi ikuchokera kutali, iyi woyendetsa wake ndi wachinyamata. Kaya zinali zoona kaya ankandinamiza, ndinalibe woti n'kumufunsa.

Chondidabwitsa chinali cha m'mawa. Masiku ena, kunja kukangoyamba kuyera, anthu akutuluka mumzikiti wapafupi, ndinkawapeza ataima pakhomo, malaya atapisira, ndodo m'manja, chitini cha mkaka wa ufa chili m'khwapa.

"Yalla, msilikali. Pa laini."

Mawu achiarabu akuti yalla, kutanthauza kuti tiyeni, anawatola kwa mlonda wa nyumbayo ndipo ankawakonda kwabasi.

Tinkatsika n'kuyamba kuyenda mumsewu wathu, kuchokera pa shopu ya buledi ya bambo wina wa ku Pakistan kukafika pa mzikiti, n'kubwerera mbali inayo. Sikunali kuyenda kowongola miyendo ayi. Ankandiimika kumanzere kwawo n'kutambasula mkono mpaka nsonga za zala zawo zitakhudza phewa langa, ndipo mpata umenewo sunkayenera kukula kapena kuchepa. Maso pansi, phazi ili, kenako linalo, pang'onopang'ono. Akaona kanthu ankakweza dzanja, tonse n'kuima, iwo n'kuwerama. Kamwala, msomali, kanati ka njinga, chitsekerero cha botolo, kachidutswa ka waya, zonse zinkagwera m'chitini muja kuti ngwe.

Manyazi amene ndinkachita adziwa ndi Mulungu. Amuna a ku Bangladesh odikira basi ya kuntchito ankatiperekeza ndi maso atagwira timakapu ta tiyi, ena akugwedeza mitu. Ndinkati mumtima, mayi anga ku Ntcheu akuuza mpingo wonse kuti mwana wawo ali ku Dubai, kuno mwanayo akutola misomali mumsewu ndi nkhalamba. Ndinayesa kufulumira, anandibweza pamzere. Tsiku lina ndinaponda kamwala kuti asakaone tithane nazo msanga. Anandichotsa phazi ndi ndodo, nakatola, nandiuza kuti akanakhala masiku awo ndikanazungulira bwalo lonse nditasenza thumba la mchenga.

Chifukwa chake ndinachimva m'nyengo yozizira, m'mawa wina kutagwa nkhungu. Kuno nkhungu ikagwa nyumba zazitali zimasowa mitu, magetsi a mumsewu amayandama okha opanda mitengo yake, ndipo ndege umangoimva ikudutsa osaiona. Tsiku limenelo a Sajeni anaima tili pakati pa ulendo, nakoka mpweya, nati kukununkha udzu wonyowa ndi mafuta a ndege. Ine ndinkangomva fungo la buledi wa mu uvuni, koma pamene ankalankhula ndinayamba kukayikira mphuno zanga.

Anati ali mnyamata, nthawi imene kutsidya kwa Zambezi kunali nkhondo ndipo ndege za adani zinkawoloka mtsinje kudzaponya mabomba, iwo anali m'gulu la asilikali olondera bwalo la ndege zankhondo. Sankaulutsa ndege iwowo. Zaka zonsezo sanakwerepo ndi imodzi yomwe, ndipo ndege yawo yoyamba inali imene inawabweretsa ku Dubai atakalamba kale. Ntchito yawo inali yapansi. Ankakhala m'maenje ozunguliridwa ndi matumba a mchenga, pambali pa mfuti zazikulu zoloza kumwamba. Ankayendera mpanda wa waya, ankapirikitsa ng'ombe za anthu zikalowa, ndipo nthawi yotsalayo ankangoyang'ana kumwera. Bwalolo linali pakati pa tchire, udzu wofika m'chiuno mbali zonse, ndipo mphepo ikaomba udzuwo unkagona n'kudzuka mpaka munthu kuyamba kuwodzera ali chiimire. Anati chaka china njiwa inamanga chisa pa ukonde wophimbira mfuti yawo, niswa, ana ake n'kuuluka, mfutiyo isanalirepo.

"Nkhondo ni kuyembekeza chabe, msilikali," anatero. "Uyembekeza, uyembekeza, mpaka uiwala chamene uyembekeza."

Koma panali ntchito imodzi imene sinkadikira adani. M'mawa uliwonse, ndege isananyamuke ndi imodzi yomwe, asilikali ankandanda mzere kuchokera m'mphepete mwa msewu wothamangira ndege kukafika m'mphepete mwinamo, n'kuyenda utali wake wonse akutola chilichonse chogona pa phula. Anandifotokozera kuti injini ya ndege yotere imakoka mpweya mwamphamvu, ndipo ikameza kamwala kamodzi kapena kanati imadziphwanya yokha m'kati.

"Adani tinawayembekeza zaka. Pa bwalo pathu sanabwele. Chinabwela ni kanthu kang'ono so." Anandionetsa nsonga ya chala chawo.

Inagwa mvula masiku atatu, maenje anadzaza madzi, asilikali awo anali atalema, ena akutsokomola. M'mawa wachinayi iwo monga sajeni anawamvera chisoni. Atayenda theka la msewu anati theka linalo mvula yatsuka kale, tiyeni tikamwe tiyi. Ndege yoyamba kunyamuka inali ya woyendetsa wina wa ku Katete, amene ankakonda kuwakwezera dzanja akamadutsa pafupi ndi dzenje lawo. Inathamanga, inadzuka pang'ono, inatulutsa utsi wakuda, n'kukagwera kuseri kwa mpanda, mu udzu muja. Akuluakulu atafufuza anati mwina inali mbalame, mwina injiniyo inali yotopa kale. Palibe amene anawaloza chala.

"Koma ine niziwa kuti theka sitinayende," anatero. "Kapu ya tiyi inali ikali m'manja."

Pamwamba pathu panadutsa ndege ina yosaoneka, phokoso lake n'kumira m'nkhungumo. Ndinamva chisoni chimene sindinachikonzekere. Pafupi ndi phazi langa panali kasikulu kadzimbiri. Ndinakweza dzanja monga ankachitira iwo, ndinawerama, n'kukaponya m'chitini. Sanandiyamikire. Anangoti ndachedwa kukaona.

Patapita milungu ingapo m'pamene ndinazindikira chinthu china. Madamu ankamata pa chitseko cha firiji pepala la maulendo awo a mwezi wonse, limene ankalitchula kuti rosita, kuti ine ndizidziwa tsiku lowaphikira. A Sajeni, munthu woiwala ngati wasamba kapena ayi, madzulo aliwonse ankaima pa firijipo atavala magalasi, n'kuchonga ndi pensulo tsiku limene latha, chala n'kutsikira pa la mawa. Likakhala tsiku loti mwana wawo anyamuka kapena atera, ankalembapo kamtanda, ndipo m'mawa wake tinkayenda. Akakhala pa ofu, a Sajeni ankagona mpaka dzuwa kulowa pazenera, ndipo ukawadzutsa ankakukalipira. Msewu wathu wa buledi ndi mzikiti unali wa matekisi ndi njinga, koma m'mutu mwawo unali womwewo umene ndege ya mwana wawo inkathamangapo. Zimenezi sindinawauze madamu. Ankafika atatheratu, n'kuvulira nsapato pakhomo, ndipo ine ndinkangoti ndiwauza mawa.

Kenako kunabwera kutentha. Kutentha kwa kuno sikudikira dzuwa, umatuluka m'mamawa n'kukhala ngati walowa m'bafa momwe wina wangosambamo madzi otentha. Tsiku lina a Sajeni powerama anachita chizungulire nakhala pansi, ndipo wophika buledi uja ndiye anandithandiza kuwakweza m'nyumba. Adokotala anati asamatulukenso. Madzulo ake madamu, pofunafuna masilipasi a bambo awo, anasuzumira kunsi kwa bedi napeza zitini zodzaza zitandandalikidwa bwinobwino.

"Ni vichani ivi?" anandifunsa. "Asisi, ine ninakulembani nchito kuti muziwasamalila, osati kutola nawo vinyalala. Anthu azakamba chani? Mwana ali mu ndeke, atate ake atola misomali mu msewu."

Kenako anatembenukira kwa bambo awo, mawu atafewa pang'ono.

"Adadi, mvelani. Mukachoka futi panja, khalas, yatha nkhani, nizakupelekani ku Chipata kuli abulaza anga. Siningasewenze mtima uli m'mwamba."

"Nikayenda ku Chipata," anatero a Sajeni, "azalonda ni ndani?"

Madamu anapukusa mutu poganiza kuti ndi kusokonekera kuja. Ine ndinkadziwa bwino chimene ankafunsa, ndipo apa m'pamene ndikanalankhula. Koma ndinali nditangokalipiridwa kumene, mtima utatupa, ndiye ndinatseka pakamwa n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale.

M'malo molankhula ndinachita zanzeru zanga. Madamu atanyamuka ulendo wa masiku anayi, ndinamatula rosita ija n'kuibisa mu sutikesi yanga. Ndinati nkhalamba ikapanda kuona pepala iiwala monga imaiwalira zina zonse, ikhala m'nyumba mozizira, ndipo za ku Chipata zithera pomwepo. Sindinkafuna kuti apite. Ndinali nditawazolowera, ndipo ndinkadziwa kuti kumeneko akakhala pakhonde n'kumayang'ana kumwamba kopanda ndege.

Madzulo anaima pa firiji nthawi yaitali, pensulo ili m'manja, akuyang'ana pamene panatsala zipsera za selotepi.

"Msilikali, anyamuka liti?"

"Mlungu uno sakuuluka, a Sajeni. Ali pa ofu."

"Manje ali kuti?"

"Apita ku Naif kukagula nsalu."

Anandiyang'ana, nakakhala pampando wawo. Tsiku lotsatira funso linali lomwelo, bodza lomwelonso. Chimene sindinachiganizire n'chakuti pepala lija silinkangowauza tsiku loyenda, linkawauzanso tsiku lopuma. Nditalichotsa, tsiku lililonse linasanduka loti mwina mwana wawo ali m'mwamba. Anasiya kudya bwino, ndipo ndege iliyonse ikadutsa ankadzuka pampando n'kupita pazenera.

M'mawa wachitatu ndili m'bafa ndinamva chitseko chikutsekeka, ndinaganiza kuti n'cha anansi. Nditatuluka, nsapato zopolisha palibe, ndodo palibe, chitini palibe. Ndinatsika masitepe tsitsi lili chinyowere. Mlonda anati sanawaone. Wophika buledi anati anadutsa, koma pa mzikiti sanabwerere, anangopitirira. Ndinalowa m'tinjira tonse ta Hor Al Anz ndikufunsa anthu m'Chingelezi changa chothyokathyoka, dzuwa likukwera, phula likuyamba kutentha kupyola masilipasi. Ndinaimbira madamu, foni inali yozima. Ndinaima pakona ina n'kulira mokweza, mayi wamkulu ine, anthu akundilambalala.

Cha m'ma teni apolisi awiri anawabweretsa pa galimoto. Anawapeza kutali, m'mbali mwa msewu waukulu wotsata mpanda wa bwalo la ndege, akuyenda pang'onopang'ono maso ali pansi, malaya atanyoweratu, milomo itauma gwa. Posadziwanso tsiku, anaona kuti ndi bwino akayendere bwalo lenilenilo. Kwawo anakudziwa chifukwa cha kakhadi ka adiresi kamene madamu anawaveka m'khosi. Apolisiwo anali aulemu, anali atawamwetsa kale madzi, ndipo wamkuluyo anangondiuza kuti ndiziwasamala baba. A Sajeni atatsika anaima njo n'kuwachitira sawatcha. Wapolisi wamng'onoyo anazengereza pang'ono, kenako anabweza.

Madamu atafika tsiku lotsatira ndinawauza zonse m'khitchini, asanavule n'komwe yunifolomu. Ndinawauza za mvula ya masiku atatu, za woyendetsa wa ku Katete, za theka losayendedwa. Nkhaniyo anali asanaimvepo. Kenako ndinatulutsa rosita mu sutikesi n'kuiika patebulo, pamodzi ndi za miyezi yam'mbuyo zimene a Sajeni ankasunga m'Baibulo lawo. Pa tsiku lililonse la ulendo panali kamtanda ka pensulo.

"Masiku yonse aya?" anafunsa, chala chikutsika pa pepalalo monga chinkatsikira cha bambo awo.

"Onse, madamu. Sanaphonyepo."

Anakhala pansi, pa matailosi pomwepo, nalira. Nanenso ndinalira. Ndinayembekezera kuti mwina asintha maganizo, koma atapukuta maso anati, "Nikawasunga kuno azafela pa msewu chifukwa cha ine." Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinadziwanso kuti amene ndinawatsegulira chitseko chija ndine, ndi bodza langa la ku Naif. Madamu sanandinene, ndipo mwina akanandinena zikanandipepukira. Mpaka lero zimandipweteka.

Tsiku la ulendo tekisi inafika kunja kukungoyera. Kunali kachifunga ka fumbi, dzuwa likuoneka loyera ngati mbale, loti n'kuliyang'ana osaphethira. Masutikesi atalowa, a Sajeni anaima pakhomo la nyumbayo, chitini chili m'khwapa, osasuntha.

"Adadi, yalla, tizachedwa."

"Lelo tiuluka tonse awili," anatero, "ndipo msewu sitinayende."

Woyendetsa tekisi analiza hutala. Madamu anayang'ana wotchi, anayang'ana bambo awo, kenako anamuuza munthuyo kuti adikire. Anabwera n'kuima kumanja kwawo. A Sajeni anatambasula mkono uku, nautambasulanso uku, kuyeza mpata, ndipo tinanyamuka atatu. Amuna odikira basi aja anatipatsa njira. Wophika buledi anatuluka manja ali ndi ufa n'kuima pakhomo pake. Ndege zinkadutsa m'chifungamo imodziimodzi, ndipo kwa kanthawi ndinamva ngati udzu ukundikhudza m'miyendo. Pafupi ndi mzikiti madamu anakweza dzanja, tonse tinaima, nawerama n'kutola kanati. Tinayenda mbali zonse ziwiri mpaka kubwerera pamene tinayambira.

Titafika pa tekisi sanalowebe.

"Siningachoke pa malo ngati wonilandila akalibe kubwela," anatero. Anayang'ana mwana wawo. "Iwe siungalonde. Ndiwe wamene uli m'mwamba."

Kenako anatembenukira kwa ine, nanditambasulira chitini chija ndi manja awiri.

"Msilikali, nikupatsa msewu umodzi, chitini chimodzi, na ndeke imodzi."

"Ndalandira, a Sajeni."

"Osayenda theka."

"Sindidzayenda theka."

Anachita sawatcha, ine n'kubweza ndi dzanja lolakwika chifukwa linalo linali ndi chitini. Sanandikonze. Analowa m'tekisi mwakachetechete, nakhala bwinobwino, osacheukanso.

Ntchito ya pa fulati ija inathera pomwepo. Pano ndili ku Al Barsha, dera lina la Dubai momwemuno, ndikulera ana awiri enieni a banja lina. A Sajeni anakhala ku Chipata dzinja limodzi lokha, n'kumwalira ali kwa mwana wawo wamwamuna. Ndinamva kwa madamu pafoni, ndipo titatha kulira tinangotsazikana. Koma kumayambiriro kwa mwezi wotsatira foni yanga inalira, nditayang'ana ndinapeza chithunzi cha rosita, popanda mawu alionse. Chimabwerabe mwezi ndi mwezi, ndipo sitinayambe takambirana za icho.

Ndine munthu wopemphera, ndiponso si ine wopusa. Ndikudziwa kuti bwalo la ndege lili kutali ndi kuno, lili ndi anthu ake olisesa ndi makina, ndipo msomali wa ku Al Barsha sungalowe mu injini ya ndege iliyonse. Misewu ya kuno ndi yoseseka, masiku ena ndimayenda kuchokera pageti mpaka pa siteshoni ya sitima ya metiro n'kubwerera osapeza kanthu. Anzanga a ku Malawi amene timakumana ku tchalitchi amandiseka kuti a Sajeni anandisiyira matenda awo, ndipo ndimaseka nawo. Koma tsiku la kamtanda likafika ndimadzuka ana asanadzuke, n'kutenga chitini kunsi kwa bedi.

Lero madamu akutera masana. M'mawa ndinapeza kamwala kamodzi ndi chitsekerero cha botolo. Nditafika pa siteshoni kunali kutatentha kale, mawondo akuwawa, ndipo mbali inayo ya msewu inkaoneka yoyera bwino kuchokera pamene ndinaima. Ndinawoloka n'kuiyendanso.